Pa Tebulo: Tsiku Lamene Amai Anakana Kudya ku Siavonga

Sabata ino nabwera na mlandu, ndipo wolakwa ni ine. Khalani pansi nikuuzeni, chifukwa nidziwa kuti ambiri a inu mwayamba kale kukamba kuti ndalama ya chilimba ikatuluka muzatenga banja lonse kukadya panja. Sinifuna kuti mukagwe pamene ninagwa ine.

Mwezi wa August, ana atatseka sukulu, amai anga anabwera kuchokera ku mudzi. Kwathu ni ku Shikabeta, m'boma la Rufunsa, kwa Asoli. Amene simudziwako, mutenga Great East Road, mupitirira Chongwe na Chinyunyu, ndiye kutsogolo musiya tara, mulowa mu fumbi kuyangana ku mtsinje wa Lunsemfwa. Amai anafika na saka ya nshawa, nkhuku yomanga miyendo, na mfutso wokwana mwezi wonse. Sabata yomweyo inali nthawi yanga yolandira chilimba ku nchito, K3,000. Ana ninali nitawalonjeza kale kuti chaka chino tizaona nyanja. Ninati basi, na ambuya awo tipita nawo.

Tinali anthu 7: ine, mkazi wanga, ana athu atatu, mwana wa mlongo wanga amene tisunga, na amai. Mnzanga ananibwereka ka Sienta kake, ati iwe thila chabe mafuta.

Manje pa nkhani ya nyanja. Tonse tinaphunzira ku pulaimale kuti Zambia ilibe nyanja ya mchere. Wofuna ija yeniyeni akwere sitima ya TAZARA pa Kapiri Mposhi, ayende makilomita 1,860 mpaka Dar es Salaam. A ku Luapula ali na mchenga woyera wa ku Samfya. Abale athu a ku Malawi ali na Senga Bay ku Salima. Ise a mu Lusaka nyanja yathu ni Kariba, ndipo tauni yathu yokapumulirako ni Siavonga, makilomita pafupifupi 200 kuchoka mu tauni. Mulipira pa toll gate ya Shimabala, muwoloka Kafue, mutenga msewu wa ku Chirundu, mutsika mapiri yokhotakhota yaja yamene mathiraki yamalira, ndiye mukalibe kufika Chirundu mukhotera ku dzanja lamanja. Mwamwayi chilankhulo chathu sichisankha. Ya mchere ni nyanja, yopanda mchere ni nyanja.

Amai ataona madzi anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anati, "Manzi yonse aya, nanga malaiti ku tauni yazima chifukwa chani?" Mwana wanga wa Grade 7, amene adziwa zonse, anayamba kuwafotokozera kuti mu 2024 mvula inavuta, madzi yanatsika, ndiye makina ya magetsi sanali kuzungulira mokwana. Anaonjezera kuti damu inatha kumangidwa mu 1959, khoma lake ni mamita 128, ndipo Atonga pafupifupi 57,000 a mbali zonse ziwiri za Zambezi anasamutsidwa, ena n'kuwaika ku Lusitu kumene tinapita m'mawa. Amai anagwedeza mutu. "Kanshi pansi apa pali minda na manda ya banthu." Mu motoka munakhala zii mpaka tinaima.

Tinapeza ka malo kodyera pafupi na madzi. Dzina sinitchula. Pa geti panali chikwangwani cha Chizungu, "Family Friendly", ndiye kuti malo ya banja. Mkati munali katungwe, jumping castle, mchenga, maambulela, na nyimbo zosapokosera. Ana aang'ono anathamanga osayangana kumbuyo. Ine mtima unati tafika.

Apa ndiye pamene ninayamba kulakwa.

Amai anatuluka mu motoka na ka thumba kawo. Munali mbatata yophika na botolo ya munkoyo. Ninati, "Amai, ivo siyani mu motoka. Muno salola." Ninakamba zoona, malo yambiri salola chakudya chochokera kunja. Koma mau yanga yanatuluka monga nikamba na mwana. Tikalibe kufika pa tebulo ninaonjezeranso, chapansipansi, "Ndipo muno musakweze mau maningi." Amai sanayankhe. Anakonza chitambala chawo, n'kuyenda kumbuyo kwanga.

Kunabwera weita, mnyamata wa malaya yoyera. Anapereka moni kwa ine chabe, mu Chizungu. Anaika mafoloko na mipeni yokulunga mu ka pepala. Ndiye anayangana mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa zaka 15 amene anali atanyamula chikwama cha mwana, n'kufunsa mkazi wanga kuti, "Na uyu azadya?" Anaona monga ni wanchito. Ndipo ngakhale akanakhala wanchito, a neba, funso lotero lifunsidwa? Mtsikana anayangana pansi. Ine, mwamuna wamkulu, ninangoseka ka kuseka kopanda nzeru, n'kunena kuti inde azadya.

Kulakwa kwachitatu kunabwera na menyu. Ninalola ka Grade 7 kaja kuwerenga mokweza, kuti ambuya aone kuti sukulu fizi siipita pachabe. "Whole bream na nsima, K260." Amai anafunsa, "Mbale imodzi?" Anati inde. Ninaona milomo yawo iyenda popanda mau. Anali kuwerengera. Munthu wa ku mudzi sawerengera mu kwacha, awerengera mu mameda ya nshawa, mu nkhuku, mu masiku yopalira. Atatsiriza anati, "Ine nakhuta, mwana wanga. Nadya mbatata mu njira. Gulira bana."

Mbatata ija inali yonse mu thumba. Sanadye olo imodzi kuchokera 5 koloko m'mawa.

Ninayesa kuwakakamiza. Ninati ndalama ilipo, ninati tabwera chifukwa cha inu. Iwo ati nakhuta. Manja yawo anayabisa pansi pa tebulo, kutali na foloko. Manja yomweyo ndiyo yanali kusenda nshawa usiku kuti ine nitsirize Grade 12. Ninamva thukuta kumsana, ndipo silinali la kutentha kwa Siavonga.

Amene anatipulumutsa ni apongozi awo. Mkazi wanga anaimirira osakamba kanthu, n'kupita ku mbali ya khichini. Patapita mphindi zochepa anabwera na mai wina wachikulire pang'ono, wa epuloni, atanyamula beseni, jagi ya madzi yofunda, sopo na ka thaulo. Mai uja sanayambire kwa ine mwini ndalama. Anapita kwa amai, anapinda bondo, n'kunena kuti, "Ba mbuya, mwayenda bwanji? Sambani. Kuno nsomba sitidya na foloko, minga ingakulaseni." Anachotsa mafoloko yonse pa tebulo, na yanga yomwe. Atatha amai anasambitsa mtsikana uja, kumuitana "mwana wanga", ndiye ife.

Kenaka anatembenukira kwa ine. "Ba bosi, osagula mbale seveni. Tengani bream zibili zikulu, tizafaka pakati. Nsima nizaleta mu mbale imodzi ikulu, na chibwabwa, na ka kapenta pambali. Tubana tubili tupaseni chipisi na soseji. Muzakhuta bonse." Ndiye anauza amai kuti, "Ba mbuya, nsomba yagulidwa kale. Mukakana mutu, nizapasa pusi."

Amai anaseka koyamba tsiku limenelo. "Mutu wa nsomba kupasa pusi? Leta kuno."

Anadya, a neba. Anadya mutu wonse, maso na zonse, kusiya tumafupa toyera monga tatsukidwa. Mau yaja ninawaletsa yanakwera, ndipo palibe tebulo inadandaula. Anaphunzitsa adzukulu kuchotsa minga na zala ziwiri. Anapereka na chigamulo chawo: nsima yapsa bwino, chibwabwa chachepa mchere, nsomba ni yonona koma "ioneka sinavutikepo pa umoyo wake." Apa sanalakwe kwenikweni. Bream yambiri ya ku Siavonga masiku ano ni yoweta mu makeji pa nyanja, ya makampani monga Yalelo na Lake Harvest, yomwe ija mugula mu mashopu ya nsomba mu komboni. Amai ati ya mu Lunsemfwa, yothawa ng'wena tsiku lililonse, ndiye ikoma. Ati olo yowamba ya pa Luangwa Bridge, pamene mabasi ya ku Chipata yaima, iposa. Pa kapenta anagonja. Anati ka Siavonga, kang'onokang'ono kaja, kaposa ka Mpulungu kakakulu. Ka Grade 7 kanati nako ni kamlendo, kanachokera ku nyanja ya Tanganyika kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo akagwira usiku na malaiti. Amai ati mlendo wabwino.

Ndiye inabwera bilu. Mu mutu mwanga ninali nitawerengera K1,100. Pa pepala panali K1,300. Pansi analemba service charge, 10 peresenti, K110. Jumping castle, imene ine ninaona monga ni yaulere chifukwa ni malo ya banja, inali K30 mwana aliyense, ana atatu K90. Sananibere. Ine ndiye sininafunse. Mwamwayi ndalama ya mafuta yobwerera ninali nitaiika payokha mu sokosi, nzeru imene ninaphunzira kalekale nitagona pa Intercity.

Nili kulipira, amai anamasula mfundo ya pa chitenge chawo, natulutsa K20 yopindapinda, n'kuitana mai wa epuloni uja. Ninati, "Amai, talipira kale, ili pa pepala." Anati, "Iyo ni ya pepala. Iyi ni ya manzi."

Manje tiyeni tikambe, ine na inu.

Chikwangwani cha malo ya banja, amene anachiyamba anali kuganiza za banja la tate, mai na ana awiri. Ndiye chifukwa chake aika katungwe, ka mpando kakatali ka khanda, na mbale ya chipisi ya ana. Zonsezo ni zabwino. Koma banja la mu Chawama, mu Mtendere, mu Kanyama silili tero. Lathu lili na ambuya ochokera ku mudzi, lili na mwana wa malemu achimwene, lili na mlamu amene akali kufuna nchito, nthawi zina na mtsikana wothandiza pa nyumba. Ana savuta kusangalatsa. Apatseni mchenga na Fanta, basi. Malo yadziwika kuti ni ya banja ngati munthu wamkulu kwambiri pa tebulo, na uja alibe ndalama mu thumba, adya mpaka kukhuta osabisa manja.

Ndipo osathamangira kutukwana weita. Mnyamata uja analakwa, inde, koma anaona mwamene ine ninali kuyendera kutsogolo, amai kumbuyo. Anatengera kwa ine. Ambiri a ise tikavala nsapato ya pa Sande n'kulowa malo ya maambulela, tiyamba kuchita manyazi na anthu amene anatilera. Tiwauza mokhalira, mogwirira kapu, mokambira. Ndiye tidabwa akati nakhuta. Mau yakuti "nakhuta" pa malo yodyera kawirikawiri satanthauza mimba. Atanthauza kuti mtengo wandiopsa, kapena kuti pano sipanga.

Ndiye ngati chilimba yanu yatuluka ndipo mufuna kupita, tengani izi kwa munthu amene anapsa kale.

Choyamba, za mtengo mukambe inu nokha na weita, mutaimirira pambali, anthu akalibe kukhala pansi. Funsani kuti mtengo wa pa menyu ni wonse kapena azaonjezera. VAT mu Zambia ni 16 peresenti, ndipo malo yambiri ya mahotela na malesitilanti yaikanso service charge ya 10 peresenti. Ena aphatikiza kale mu mtengo, ena aonjezera pansi pa bilu. Zonse ziwiri zikabwera pamwamba, chakudya cha K1,000 chifika cha m'ma K1,260. Funsaninso za katungwe, jumping castle na dziwe losambira, ngati ni zaulere kapena ni za pa mutu.

Chachiwiri, akuluakulu asamve mtengo. Simuwanamiza, muwateteza. Ku mudzi mlendo safunsa kuti nkhuku yaphedwa inali ya zingati. Chitani chimodzimodzi. Menyu ikhale kwa inu, iwo muwafunse chabe kuti nsomba kapena nkhuku.

Chachitatu, odani za pakati. Nsomba ziwiri zazikulu, nsima mu mbale imodzi, ndiyo zamasamba ziwiri. Zitchipa kuposa mbale ya aliyense, ndipo ndiye kadyedwe kamene tidziwa. Munthu akapatsidwa mbale yake yekha aona mtengo wake. Akadya za pakati aona banja. Funsani ngati nsomba agulitsa pa kukula kwake kapena pa kilo, ndipo muione ikalibe kulowa mu mafuta.

Chachinai, pemphani beseni na jagi mukangokhala, ndipo muyambe inu kusamba na kudya na manja. Malo yogulitsa nsima yamene yalibe madzi yosamba, tulukani, simunakwatire kumeneko. Ngati weita wapereka moni kwa inu chabe, muuzeni mwaulemu kuti awa ni amai anga, uyu ni mwana wanga. Ine sininachite, ndipo chikali kuniwawa.

Chachisanu, ana na madzi. Kariba si dziwe la pa lodge. Muli ng'wena na mvuu, ndipo m'malo mwina mwa madzi yodekha muli likodzo. Funsani eni malo kumene ana angaponde na kumene sangaponde, ndipo munthu wamkulu mmodzi asachotse maso. Osapatsa nchito imeneyi mtsikana amene musunga kuti inu mudye mwamtendere. Naye wabwera kudzaona nyanja.

Chachisanu na chimodzi, nthawi na thumba. Siavonga ili mu chigwa, ndipo mu October dzuwa la kumeneko silisewera, makamaka kwa okalamba na makanda. Nyamukani m'mamawa, idyani msanga, khalani pa mthunzi, ndipo mukwere mapiri yaja kukalibe kuda. Tengani madzi yakumwa yambiri mu motoka. Nyamulani ndalama ya m'manja, chifukwa netiweki ikagwa mobile money siizakupulumutsani. Ya ulendo wobwerera ikhale payokha, ndipo musaikhudze olo ana alire ayisikilimu.

Chomaliza, ka thumba ka ambuya. Ngati malo salola chakudya chakunja, auzeni kuti tizadya pobwerera, chifukwa ni zoona muzadya. Ise tinaima pafupi na Kafue dzuwa litapendeka, ana ali na njala kachiwiri monga sanadye kanthu. Mbatata ija na munkoyo zinatha mu mphindi zisanu. Amai anayangana ine osakamba kanthu. Sipanafunike mau.

Mwina muti, K3,000 yonse kuthera tsiku limodzi, si bwino kugula saka za unga? Funso ni labwino, ndipo amai anafunsa lomwelo. Ngati lendi ikalibe kulipidwa, musapite. Nyanja siithawa. Ndipo sikuti mpaka Siavonga. Nkhani ni imodzi olo mupite ku ka lesitilanti ka pa mall, olo ku Matebeto ya ku Thornpark, olo pa Luangwa Bridge popita ku mudzi. Koma ngati mwakwanitsa, musasiye akuluakulu pa nyumba kuti alonde geti, ati iwo sakonda zotere. Ni ndani anawafunsa?

Usiku uja titafika, ana atagona, ninapeza amai pa khonde asenda nshawa. Ninakhala pansi pafupi nawo. Ninati, "Amai, munikhululukire pa vija ninakamba pa geti." Anapitiriza kusenda. Anati, "Unali na nsoni. Nsoni ni matenda ya mu tauni, yamapola." Ananipatsa nshawa za m'manja, nkhani inathera pamenepo.

Anabwerera ku Shikabeta kumayambiriro kwa September. Sabata yatha mlongo wanga anatuma foni kuchokera pa ka chulu kamene netiweki igwira. Ati amai auza mudzi wonse za ulendo. Ninafunsa kuti akamba chani, za madzi yopanda malire, kapena za khoma la damu? Ati izo akambako pang'ono. Nkhani yaikulu ni ya mai wa Chitonga amene anapinda bondo n'kuwathirira madzi yofunda m'manja, pamaso pa azungu na mabwana. Ati chaka chamawa afuna kupita na nkhuku yamoyo, akamupatse.

Ndiye nayamba kale chilimba ina. Nkhuku izakhala kumbuyo kwa Sienta, ndipo pa geti amai ndiwo azayenda kutsogolo.

Tizaonana sabata yamawa pa tebulo yomweyi, a neba. Sambani m'manja.